Mawu a Malemu Lufeyo

Chibwerere lamulo latsopano, mawu a wodwala aliyense amajambulidwa kuchipatala, ndipo akangolembedwa pa kompyuta amafufutidwa. Ophunzira ntchito yolembayi amayesedwa ndi mawu a anthu omwe anamwalira mawuwo asanalembedwe, ndipo nawonso amafufutidwa ntchito ikangotumizidwa.

Esinati atalandira ake a mayeso, anakhala pakhonde n'kuvala zomvera m'makutu. Anamva kutsokomola komwe anakuzolowera kwa zaka khumi. Anali amuna ake, a Lufeyo, bambo a mwana wawo Tadala.

"Kupuma kukundivuta, adokotala. Koma kunyumba musakanene, mayi a Tadala angasiye sukulu."

Panapita milungu itatu osatumiza ntchitoyo. Ankasenda chinangwa akumvetsera, kuchapanso akumvetsera.

Mlamu wake, Dorofe, anamupeza akusesa pabwalo, zomvera zili m'makutu.

"Alamu, anzanu onse atumiza, ndipo mawa ndi tsiku lomaliza. Simunamalizebe?"

"Ndinamaliza tsiku lomwelo. Sindinalakwitse ndi chilembo chimodzi chomwe."

"Nanga bwanji osatumiza? Si munandiuza nokha kuti achimwene anabisa matenda kuti inu mumalize sukulu?"

Esinati anatsamiritsa tsache pakhoma. Anavula chomvera chimodzi n'kumuika mlamu wakeyo m'khutu.

"Tadikirani kaye. Pakubwerapa aseka."