Mtsempha Wozungulira M'chiuno

"Aa, wabweranso!" Benedicta anamenya tebulo.

Kwa milungu itatu, katswiri wa makompyutayu ankalimbana ndi kulumikiza pulogalamu yojambula mitsempha ya magazi ku makina a sikani pachipatala china mu Zomba. Kwa odwala aamuna zinkayenda bwino. Koma akangoika chithunzi cha mayi, nthawi zambiri pulogalamuyo inkajambula mtsempha wachilendo wozungulira m'chiuno.

"Chinthu chonama chonchi ndichikhulupirire bwanji?" anafunsa Dokotala Farzana. "Lolemba ndikuchita opaleshoni mayi wa ku Songani. Ndikafunefune mtsempha woti kulibe?"

"Ndafufuza paliponse, adokotala. Ngakhale eni ake a pulogalamuyi kunjako ndawalembera, akuti kwawo zoterezi sanazionepo."

Mayi Alufandika, namwino wachikulire amene ankadutsa ndi mafayilo, anasuzumira pakompyutapo n'kuseka.

"Imeneyotu ndi mikanda! Timawauza kuti avule ndolo ndi zibangili. Koma woyendetsa makina ndi mwamuna, ndiye za m'chiunozo angazitchule ndani?"

Dzanja la Benedicta linatsikira pang'onopang'ono m'chiuno, pomwe mikanda yake inali phee mkati mwa siketi milungu itatu yonseyo.