Foni Yoyeza Mafuta a Mayi Martha

"Imani chowongoka, amayi. Manja atalikirane ndi thupi."

A Martha anaima pakhonde ngati msilikali pa pelete. Mwana wawo Adamson, uja amagwira ntchito m'tauni ku Lilongwe, anali atawaloza ndi foni. Akuti mafoni a masiku ano anawaika nzeru. Foni imangoona chithunzi cha munthu, basi, n'kuwerenga mafuta ndi minofu yake ngati kuti yamusenda.

Zinayamba ndi miseche. Wina wa ku Nsaru konkuno anaimbira Adamson kuti mayi ake atha, atsala mafupa okhaokha chimwalirireni bambo ake. Adamson analumbira kuti akawapeza ataonda, awanyamula akakhale nawo m'tauni. M'tauni! Kumene munthu amatsekeredwa mumpanda ngati nkhumba, wopatsa moni osaoneka. Asiye dimba lawo, asiye manda a amuna awo? A Martha anati zimenezo akauze ena.

Koma miseche ija inachita manyazi. Adamson potsika m'galimoto anapeza mayi ake atadzaza khomo, chiuno ngati cha mkazi wa wogula fodya. Anafunabe umboni wa foni. Foniyo inkalamula kuti wojambulidwa avale zothina, koma ndi mwana uti angauze mayi ake zimenezo? Anawajambula momwemo, kutsogolo ndi cham'mbali.

"Jambula mpaka batire lithe," anatero a Martha. "Wokuuza uja ukamuonetse, aone ndi maso ake otsinzinawo."

Foni inaganiza pang'ono. Adamson anawerenga, nkhope n'kugwa.

"Amayi, zavuta."

"Chavuta n'chiyani? Ndaonda kodi?"

"Ayi. Mafuta achuluka kwambiri, makamaka pamimba. Ikuti thupi lotere limaitana shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Simungakhale nokha kuno. Longedzani, mukakhale pafupi ndi madokotala."

A Martha anayang'ana mwana, n'kuyang'ana foni. Chibadwireni chawo, munthu akakuuza kuti wanenepa umathokoza. Lero kachitsulo kopanda ndi mimba yomwe kakuti ndi matenda?

"Ndiye kuonda, tauni. Kunenepa, tauni. Iwe ndi foni yakoyo munapangana pa msewu, eti?"

"Ndi sayansi imeneyi, amayi."

"Sayansi iyambe yadikira. Yang'ana uko."

Adamson anatembenukira ku khola la mbuzi. Kumbuyo kwake kunamveka kubuula ndi kukutumula kwa nsalu.

"Cheuka tsopano."

Pansi panali mulu wa zitenje, juzi ya malemu bambo ake ndi kapilo. Mayi ake anali atachepa ndi theka, thukuta lili kamukamu, manja m'chiuno.

"M'katimu zikadalimo zina," anatero. "Ifunse foni yakoyo ndisiye zingati kuti ndikhale pakhomo panga."