Mkuyu Wotsala

Nkhwangwa inali kale m'mwamba pamene kambalame koyera, kofiira kuzungulira maso, kanasuzumira pamphako ya mkuyu.

Chindikani anaitsitsa nkhwangwayo. Chimuchotsereni ntchito ku fakitale ya ku Kafue, iye ndi mlamu wake Ackson anali atatentha makala mitengo yonse ya m'chigwa ichi, kuseri kwa Shimabala. Mkuyu ankaudumpha, poti makala ake sachedwa kusanduka phulusa. Tsopano unatsala wokhawo, ndipo timbalame timene a zanyama ankati sitipezeka m'dziko lina lililonse tinali titaunjikana momwemo.

"Ba mulamu, temani!" anakuwa Ackson ali pa uvuni. "Bana kunyumba ku Nangongwe sibadya nyimbo za mbalame."

"Nanga tikagwetsa uyu, mawa tizatema chani?"

Ackson anamwaza maso m'chigwa monse. Zitsa zokhazokha, mpaka kuphiri.

M'mphakomo tiana tinayamba kulirira chakudya, kulira komwe kuja Chindikani anakusiya kunyumba m'mawa.

Analavulira m'manja, nakwezanso nkhwangwa.

"Uluka, iwe," anakanong'oneza. "Chonde, uluka."

Kambalameko kanangomuyang'ana. Kothawira kanalibe.