Pedulo Yakuda

"Chimenecho ndi chule, zimitsani!" anakalipa mayi wina m'sitolo ya zoimbira, atatseka makutu.

Mwana wake wamkazi, woimba gitala ya besi, anachotsa phazi pa pedulo yofiira. Anzake a m'bandi anali atamuuza kuti pofika Loweruka akhale ndi pedulo yosinthira kaliridwe ka gitala, apo ayi asaka wina.

"Mayi, imeneyi ndi fyuluta, imalira choncho," anatero wogulitsa. "Tiyese yakudayi, ya sinthi, yolira ngati kiyibodi."

Mtsikanayo anaponda yakudayo n'kukhudza nsambo. Mawindo a sitolo ananjenjemera.

"Iyi ndiye m'mimba mwa munthu wodya zosasa! Bambo inu, mumagulitsa zoimbira kapena matenda? M'nyumba mwanga simulowa zimenezi. Iwe, tiye!"

Misozi ikulengeza, mtsikanayo anapondanso pedulo ija kuti aizimitse. Kanyali kake kanathima. Anaimba pang'ono motsanzika, gitala ikulira yokha popanda choisintha.

Atafika pakhomo, mayiyo anatembenuka. "Eya, nyimbo ndi imeneyo! Ikulira choncho ndi iti?"

Wogulitsa anayang'ana mtsikanayo. Mtsikanayo anayang'ana pansi.

"Ndi yakuda yomweyi, mayi."

"Ndiye poyamba munaipotokola dala kuti tigule chule wanuyo? Wakuba inu!"

Mayiyo ananenerera mtengo mpaka wogulitsa anatuluka thukuta, n'kumulandanso chingwe cha basera.

Ali panjira, mayiyo anamugunda mwana wake ndi chigongono. "Waona? Ukanabwera wekha, akanakugulitsa chaphokoso chija."

Mtsikanayo anakumbatira katoni yake. "Zoonadi, amayi."