Loya Wodula wa Achimwene

"Woluza alipirenso loya wa mnzake, malipiro oyenera," anagamula woweruza.

Mwini golosale anachita kudzitsina kuti asavine m'khoti momwemo. Mlamu wake, kalipentala amene anasaina pangano lomukhomera mashelefu koma n'kungodya ndalamazo, anangoti zyoli.

"Mlongo wanu mwamuganizira koma?" mkazi wa mwini golosaleyo ananong'oneza mwamuna wake potuluka.

"M'panganomo simunalembedwe za chibale, mayi," anayankha akukonza tayi. Iye anachita kusankha dala loya wodula, wa ofesi yozizira ngati firiji, podziwa kuti wotuluka thukuta akhala mlamu.

Loyayo analandiradi zake. Kalipentala anagulitsa makina ake ochekera matabwa, ntchito inaima, lendi inamukanika, eni nyumba n'kumutulutsa.

Loweruka lina m'mawa, mwini golosale akutsuka galimoto, kalole kanaima pageti. Munatsika mlongo wake, ana anayi, mapoto, kenako mlamu atakumbatira wailesi.

"Achimwene, tilibe kolowera," anatero mlongoyo. "Amayi akuti tibwere kuno, poti owina ndinu."

Anacheukira mkazi wake kuti amuthandize kukana, koma mayiyo anali atayamba kale kusuntha mipando pabalaza, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Alamu, tagwirani uko, matiresiwa ngolemera," anatero kalipentala.

Anagwira. Akuyenda chafutambuyo, matiresi atamuphimba kumaso, anadzilankhulira chamumtima: "Wawinadi, bambo wanzeru iwe. Ukangowinanso mlandu wina, ugona panja."