Mendulo ya Agogo

"Mendulo ija ili kuti?" anafunsa amalume, akukhuthula sutikesi ya malemu. "Anzawo ausilikali afika kale. Bokosi silituluka popanda mendulo."

Mdzukulu wa malemuwo anakumbukira tsiku lomwe agogo, akuweruka kophunzitsa, choko chili mbuu m'manja, anamupeza akulembera patebulo logwedera. Agogowo anagwada movutikira, n'kulowetsa menduloyo pansi pa mwendo waufupi wa tebulolo.

"Imeneyi anandipatsa chifukwa chopha ana a eni," anatero. "Igwireko ntchito yabwino tsopano. Lemba, mdzukulu wanga."

Amalume ataipeza anaisolola, n'kuipukuta ndi malovu mpaka inawala.

"Ankainyadira kwambiri bambo athu," anauza asilikali aja pakhonde.

Mdzukulu atatsamira tebulo lija kuti alire, linagwedera.