Seveni Wakumapeto

Mlendo wochokera ku bungwe lina analemba nambala pabolodi, n'kutembenukira asodzi onse a padoko.

"8,463,917. Umenewu ndi usipa umene munapha chaka chatha. Mwautha m'nyanjamu. Doko lino litsekedwa miyezi isanu ndi umodzi."

Nambala yaitali choncho, ndani angaitsutse?

Mayi Hidaya, amene amayanika usipa pathandala, anapukutira manja pachitenje. Maso awo sanachoke pa seveni wakumapetoyo.

"Bambo, munawerenga bwanji? Umodziumodzi?"

Mlendoyo anaseka. "Ayi, mayi. Timawerenga ndowa. Ndowa iliyonse timati muli usipa 2,000."

"Zodzadza zokhazokha?"

"Zodzadza zokhazokha."

"Ndiye ndowa imodzi 2,000, ziwiri 4,000, khumi 20,000. Muwonkhetse mpaka mawa, kumapeto kumakhala maziro atatu basi. Nanga 917 ameneyu wachoka m'ndowa ya ndani?"

Mlendoyo anatsegula chikwama, n'kusanthula mapepala osapezamo kanthu. Kenako anatola kansalu kofufutira.

Mayi Hidaya anamugwira dzanja.

"Musafufute, bambo. Isiyeni pomwepo aliyense aione. Doko mutseka mukationetsa ndowa imeneyo."